Kleinjogg, mlimi amene adatchuka kutali anansi ake akumuseka

Pakati pa zaka za m'ma 1700, akalonga, alembi ndi anthu ophunzira a ku Ulaya ankayenda mitunda italiitali kukaona mlimi wina wa ku Switzerland amene kwawo ankatengedwa ngati munthu wovuta. Dzina lake lidali Jakob Gujer, koma ambiri ankamudziwa kuti Kleinjogg, kutanthauza Jakob wamng'ono.

Adabadwa chisanafike chaka cha 1720 m'mudzi wa Wermatswil, kufupi ndi tauni ya Uster m'chigawo cha Zürich. Sukulu sadapite nayo patali. Iye ndi mbale wake Felix adalandira munda wa makolo awo pamodzi ndi ngongole yaikulu imene idatsala pamundapo. Akadagawana malowo, aliyense akadatsala ndi kachigawo kosakwana kudyetsa banja, ndipo ngongole ikadawalanda zonse. Choncho adagwirizana zolima limodzi. Mabanja awiriwo ankadyera pamodzi ndipo ana awo ankaleredwa ngati a bere limodzi.

Masiku amenewo midzi ya m'derali inkalima motsata mwambo wakale. Minda inkagawidwa patatu, ndipo chaka chilichonse gawo limodzi linkagonekedwa kuti lipume. Ng'ombe zinkatayiridwa kudambo la mudzi wonse, ndowe zake n'kumangomwazika kumeneko popanda wozitola. Kleinjogg adaona kuti vuto la munda wake silidali kuchepa kwa malo ayi, koma njala ya nthaka.

Adayamba kusunga ng'ombe m'khola nthawi yaitali n'kumazipititsira chakudya komweko. Pansi pa khola ankayala masamba, udzu ndi tinthambi ta mitengo ya m'nkhalango, kuti zonsezi zikasakanikirana ndi ndowe zisanduke manyowa. Mkodzo wa ziweto sankaulola kutayika: ankausonkhanitsa m'maenje, n'kumathira m'munda ndi pamsipu. Malo a lowe adakumbamo ngalande, ndipo dothi lolemera ankalisakaniza ndi mchenga kapena timiyala kuti lifewe. Adalimbikiranso kubzala mbatatesi, mbewu imene ambiri pa nthawiyo ankaikayikira, komanso clover, chomera chimene chimadyetsa ng'ombe uku chikubwezera chonde m'nthaka.

Anansi ake ankamuseka pomuona akututa zinyalala ngati watola chuma. Komabe chimene chidawakwiyitsa kwambiri sichidali ulimi wake, koma khalidwe lake. Banja la Gujer lidali ndi malo ogulitsira vinyo m'mudzimo, ndipo Kleinjogg adayamba kukana kumuonjezera munthu chakumwa akaona kuti wamwa zokwanira. Makasitomala adathawa, phindu lidatsika, ndipo ngakhale am'nyumba mwake adadandaula. Iye sadasinthe. Ana ake sankawalola kupita kumadyerero ndi kumisika ya zisangalalo, ndipo mphatso zimene anthu ankapatsana pamiyambo ankaziona ngati kusakaza chuma. M'mudzi momwe anthu ankakhalira kudalirana, kukana zoterezi kunkaoneka ngati kudzikweza. Pakhomo pakenso adali wolamula kwambiri: aliyense ankagwira ntchito kuyambira m'bandakucha, ndipo mawu omaliza adali ake.

Mbiri yake idatulukira mumzinda. Hans Caspar Hirzel, dokotala wa mzinda wa Zürich amene ankafunitsitsa kutukula ulimi, adamuyendera, ndipo mu 1761 adafalitsa buku lofotokoza kayendetsedwe ka munda wake. Chaka chotsatira bukulo lidatuluka m'Chifalansa ndi mutu womutcha Socrates wa kumudzi, pomufanizira ndi munthu wanzeru zakuya wa ku Greece wakale. Pambuyo pake lidamasuliridwanso m'Chingerezi. Mu 1765 Kleinjogg adakumana ndi kalonga Ludwig Eugen wa ku Württemberg pamsonkhano wa ku Schinznach, ndipo chidadabwitsa anthu n'chakuti mlimiyo adacheza ndi kalongayo momasuka ngati mnzake.

Kutchuka kotereku kudali ndi mbali yake yokayikitsa. Anthu a mumzinda adamukonda chifukwa adali mlimi wa kumtima kwawo: wolimbikira, wosawononga, wosadandaula za misonkho. Alimi anzake, amene ankasenza misonkhoyo, sadaone chifukwa chokondwera ndi munthu amene mabwana ankawalozera ngati chitsanzo.

Mu 1769 akuluakulu a Zürich adamubwereketsa famu ya boma ya Katzenrüti, kufupi ndi Rümlang. Famuyi idali yaikulu koma yoguga, ndipo idali payokha, kotero kuti adali ndi ufulu wolima mmene ankafunira. Iye ndi ana ake adaikonza ndi njira zomwe zija za manyowa, ngalande ndi chakudya cha ziweto, mpaka idasanduka malo okaphunzirako. Mlembi wotchuka wa ku Germany, Johann Wolfgang von Goethe, adafikako mu 1775, ndipo mu 1779 adabweranso pamodzi ndi Karl August, wolamulira wa Weimar.

Chimene mabuku adalephera kuwaphunzitsa alimi wamba, njala idawaphunzitsa. Mu 1770 ndi 1771 mbewu zidakanika m'madera ambiri a ku Ulaya, mtengo wa tirigu udakwera, ndipo anthu a ku Zürich adavutika kwambiri. Kuchokera pamenepo mbatatesi idaleka kukhala chakudya chonyozeka. M'zaka zotsatira, kudyetsera ng'ombe m'khola, kubzala clover pamunda umene kale unkagonekedwa ndiponso kuthira manyowa amadzi zidafala pang'onopang'ono m'chigawo chonsecho. Kleinjogg sadali yekha woyambitsa zimenezi, koma adali mmodzi mwa oyamba kuonetsa kuti zimatheka pamunda wa banja wamba, wolimidwa ndi manja a eni ake, ngongole ili pakhosi.

Adamwalira ku Katzenrüti mu 1785. Alimi a m'chigawo chake adatengera ulimi wake n'kusiya malamulo ake okhwima a pakhomo, ndipo madyerero adapitirira monga kale. Lero ku Wermatswil, mudzi umene unkamuseka, kuli msewu wotchedwa dzina lake komanso kasupe womangidwa pomukumbukira.