Jan Dzierżon, Woweta Njuci

Jan Dzierżon anabadwa m'caka ca 1811 m'mudzi wa Łowkowice, ku Silesia, kumene lero kuli dziko la Poland. Atate wace anali mlimi. Atatha maphunziro ace ku Breslau analowa unsembe, ndipo m'caka ca 1835 anamtuma ku mudzi wa Karłowice. Kumeneko anaweta njuci m'ming'oma ya matabwa imene anaikonza mwa nzeru zace, kotero kuti munthu akhoza kuturutsa zisa cimodzi cimodzi, naziyang'ana, nazibwezeranso, osapha njuci.

M'mng'oma mumakhala mfumukazi yoikira mazira, njuci zanchito zimene ziri zazikazi, ndi zamphongo zonenepa zija zosagwira nchito. Poyang'anitsa zaka zambiri, Dzierżon anaona cinthu codabwitsa. Mfumukazi imene sinakomane ndi yamphongo imaikirabe mazira, ndipo mazirawo amaswa. Koma zoturukamo ndi zamphongo zokhazokha. Tsono m'caka ca 1845 analemba kuti njuci yaikazi ili ndi amace ndi atate wace, koma yamphongo ili ndi amace okha.

Anthu ambiri, ngakhale ophunzira, anakana mau amenewa, pakuti anazolowera kuona ng'ombe ndi nkhuku, zimene sizibala popanda yamphongo. Wansembe wa kumudzi akanawatsutsa bwanji? M'caka ca 1853 analandira njuci zacikasu zocokera ku Italy, pamene za kwao zinali zakuda. Mfumukazi yacikasu itakomana ndi yamphongo yakuda, ana ace aakazi anaoneka osanganikirana, koma ana ace aamuna anatenga mtundu wa amao wokha. Ici cinaonetsa kuti yamphongo yakuda ija sinapatse ana aamunawo kanthu.

M'caka ca 1855 mphunzitsi wina womveka, dzina lace Siebold, anayesa mazira a njuci ndi galasi lokulitsa tinthu tating'ono. M'mazira a zazikazi anapezamo mbeu ya yamphongo, koma m'mazira a zamphongo sanapezemo. Pamenepo otsutsa ambiri anabvomera. Taganizani ana inu: njuci yamphongo ilibe atate, koma agogo aamuna ili nao, ndiwo atate a mfumukazi.

Atakalamba, Dzierżon anabwerera kumudzi kwao ku Łowkowice, nasungabe njuci. Anamwalira komweko m'caka ca 1906, ali ndi zaka 95.