Willard Libby, Munthu Amene Adawerenga Zaka m'Makala

Kale akatswiri ofukula zinthu zamakedzana akapeza fupa kapena phale m'nthaka, ankangodziwa kuti chimene chagona pansi kwambiri ndicho chakale kuposa cha pamwamba. Zaka zake zenizeni zidali zongoyerekeza, kupatula m'maiko monga Egypt kumene mafumu adasiya zolembedwa. Amene adathetsa vutoli sadali wofukula konse ayi, koma katswiri wa kemisitiri, Willard Frank Libby.

Libby adabadwa pa 17 December 1908 ku Colorado, m'dziko la America, m'banja la alimi. Adaphunzira pa yunivesite ya California ku Berkeley, nalandira digiri ya udokotala mu 1933. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse adali m'gulu la asayansi okonza bomba la atomiki, ndipo mu 1945 adapita kukaphunzitsa ku Chicago.

Kumeneko ndiko adakhwimitsa ganizo lake. Cheza chochokera kutali kunja kwa dziko lathu chimasandutsa nayitirojeni wa mumlengalenga kukhala kaboni wapadera wotchedwa kaboni-14. Zomera zimatenga kaboniyu mumpweya, nyama zimadya zomera, ndipo anthu amadya zonse ziwiri. Chamoyo chikafa sichilandiranso wina, ndipo amene chili naye amayamba kutha: theka limatha pa zaka pafupifupi 5,730, theka la wotsalayo pa zaka zina zomwezo, choncho basi. Tsono poyeza kaboni-14 wotsala m'khala kapena m'fupa, munthu angathe kudziwa pamene mtengowo kapena nyamayo idafera.

Kunena nkosavuta, koma kaboniyu ngwochepa zedi: pa maatomu a kaboni 1,000,000,000,000 pamapezeka imodzi yokha. Umboni woyamba, mu 1947, udachokera kumalo onyozeka, mpweya wa m'zonyansa za mzinda wa Baltimore. Kenaka iye ndi anzake, James Arnold ndi Ernest Anderson, adachita chinthu chanzeru: adayamba ayeza zinthu zimene zaka zake zidali zodziwika kale, monga thabwa la m'manda a mfumu Djoser ya ku Egypt. Zimene adafalitsa mu 1949 zidagwirizana ndi mbiri. Mu 1960 adalandira mphotho ya Nobel.

Madera amene adalibe zolembedwa zakale, monga kuno, ndiwo adapindula koposa. Makala ofukulidwa pa Nkope, m'boma la Mangochi, adasonyeza kuti anthu odziwa chitsulo ndi kuumba mbiya adali m'mbali mwa nyanja zaka zoposa 1,500 zapitazo.

Komabe njirayi ili ndi malire. Siyeza mwala kapena chitsulo wamba, ndipo siipitirira zaka pafupifupi 50,000. Imanena za kufa kwa mtengo, osati za tsiku limene mmisiri adausema. Ndiponso kaboni-14 wa mumpweya sadakhale wofanana nthawi zonse monga Libby adaganizira poyamba. Nchifukwa chake masiku ano zaka zopezekazo amazikonza poziyerekeza ndi mizere ya m'thunthu la mitengo yakale kwambiri.

Chodabwitsa nchakuti mwini wakeyo, ali m'bungwe la boma loyang'anira za atomiki kuyambira 1954 mpaka 1959, adalimbikira kuti mabomba aziyesedwa ndithu. Mabomba ophulitsidwa mumlengalenga adachulukitsa kaboni-14 wa mumpweya pafupifupi kawiri kumpoto kwa dziko lapansi pofika cha m'ma 1963. Libby adamwalira ku Los Angeles pa 8 September 1980.