Lillian Wald: Namwino Amene Anabwezera Ana M'kalasi

Anzanga, nonse mukudziwa mmene zimakhalira munthu ukatuluka chipere m'mutu kapena mphere m'manja. Anzako pa desiki amasendera uko, mwina umangoganiza zojomba basi. Ku New York, ku America, zaka zoposa 120 zapitazo nkhani yake inali yoposa apa: mwana wopezeka ndi matenda otere ankabwezedwa kunyumba, ndipo ena sankabwereranso kusukulu. Sabata ino tikukamba za mayi amene anathandiza kusintha zimenezi.

Mayi Lillian Wald anabadwa pa 10 Malichi 1867 mumzinda wa Cincinnati, m'banja la Chiyuda lochita bwino ndithu. Anakulira ku Rochester. Ali ndi zaka 16 anafunsira malo pa koleji ya Vassar, koma anawakana chifukwa choti anali wamng'ono. Mu 1889 analowa sukulu ya unamwino ya New York Hospital ndipo anamaliza mu 1891. Atagwira ntchito chaka chimodzi pamalo osungira ana amasiye, anayamba maphunziro a udokotala.

Udokotalawo sanaumalize. Mu 1893 anapemphedwa kuti aziphunzitsa amayi a ku Lower East Side kasamalidwe ka odwala pakhomo. Kudera limeneli kunkakhala anthu osauka obwera kuchokera ku Ulaya, mothithikana m'nyumba zosanja za lendi. Tsiku lina kamtsikana kanabwera kudzawaitana kuti amayi ake ali gone. Mayi Wald anakatsatira mpaka mumsewu wa Ludlow. Anapeza banja la anthu asanu ndi awiri likukhala m'zipinda ziwiri, ndipo mayi amene anali atangochira kumene anali kutaya magazi pa bedi losasinthidwa. Anamusambitsa, nakonza m'nyumbamo. Kuchokera apo sanabwererenso ku koleji ija.

Iwo ndi mnzawo Mary Brewster anachita lendi chipinda m'dera lomwelo n'kuyamba kuyendera odwala khomo ndi khomo, chikwama cha mankhwala chili m'manja. Wotha kulipira ankapereka kangachepe, wopanda ndalama ankathandizidwabe. Mu 1895 munthu wina wachuma, Jacob Schiff, anawagulira nyumba nambala 265 mumsewu wa Henry, ndipo pamenepa ndi pamene panakhazikika Henry Street Settlement. Pofika 1913 anamwino ake anali atakwana 92.

Nanga za sukulu zinabwera bwanji? Mukuyenda kwawo anakumana ndi mnyamata wa zaka 12 dzina lake Louis. Ankafunitsitsa sukulu, koma aphunzitsi ankamubweza chifukwa cha zilonda za m'mutu. Kuchipatala ankapita, mankhwala opaka ankalandira, koma panalibe womuthandiza kupaka moyenera. Mayi Wald atamusamalira, zilonda zinapola ndipo analowa sukulu. Tangoganizani, zaka zonsezo osadziwa kuwerenga chifukwa cha vuto lotheka ndi mankhwala opaka! Kuyambira pamenepo anamwino aja anayamba kulemba mayina a ana onse amene ankawapeza ali pakhomo pa zifukwa zonga zimenezi.

Mu 1897 akuluakulu a mzindawo analemba ntchito madokotala oti aziyeza ana m'sukulu. Zinkaoneka ngati zabwino, koma dokotala ankangoyeza basi. Akapeza nsabwe, chipere kapena matenda a maso, ankalemba kapepala n'kumuuza mwana kuti azipita. Makolo ambiri sankatha kuwerenga Chingelezi, ndipo ndalama ya mankhwala analibe. Ndiye mwana uja ankangoyendayenda mumsewu, sukulu ikaweruka n'kumasewera ndi anzake omwe aja amene ankati akuwateteza. Matenda sanathe, maphunziro anatayika.

Mayi Wald sanataye nthawi ndi mikangano. Anauza akuluakulu a zaumoyo ndi a zamaphunziro kuti awabwereka namwino mmodzi kwa mwezi umodzi, mzinda osalipira kanthu, aone okha zotsatira. Mu Okutobala 1902 anatumiza Lina Rogers, namwino wochokera ku Canada, kuti aziyendera sukulu zinayi. Ankatsuka zilonda ndi kupaka mankhwala pasukulu pomwepo, mwana n'kubwerera m'kalasi. Akaweruka ankapita kumakomo kwa ana obwezedwa kukafotokozera makolo zoyenera kuchita. Kumeneko anapezanso kuti ena sankabwera kusukulu chifukwa chosowa nsapato ndi zovala, kapena ankalera abale awo aang'ono.

Mwezi utatha, mzinda unamulemba ntchito Lina Rogers, ndipo posakhalitsa unawonjezera anamwino ena 12. Mu Seputembala 1902 ana 10,567 anabwezedwa kunyumba. Mu Seputembala 1903 anabwezedwa 1,101 okha. Amene mumakonda masamu chotserani nokha muone kusiyana kwake. Mizinda ina ya ku America itaona zimenezi inayamba kutengera.

Mayi Wald ankakhala m'tauni, koma ankadziwa kuti kumidzi ya ku America zinthu zinali zovuta mwa njira ina: mitunda italiitali, dokotala kutali, amayi kuchirira pakhomo popanda wodziwa ntchito. Anaona kuti bungwe la Red Cross lili ndi nthambi m'madera ambiri koma limayembekezera nkhondo kapena ngozi kuti ligwire ntchito. Analimbikira kuti bungweli lizitumiza anamwino kumidzi ngakhale pa nthawi ya mtendere. Mu 1912 Red Cross inakhazikitsa nthambi ya anamwino a kumidzi, Jacob Schiff yemwe uja atathandiza ndi ndalama. Anamwino amenewa ankayendera odwala m'makomo, kuyeza ana m'sukulu za kumidzi ndi kuphunzitsa zaukhondo.

Chaka chomwecho boma la America linatsegula ofesi yoona za ana, Children's Bureau, imene Mayi Wald ndi Florence Kelley anakhala akuimenyera kwa zaka zambiri, pofuna kuti ana asamagwiritsidwe ntchito m'mafakitale. Mayi Wald anasankhidwanso kukhala mtsogoleri woyamba wa bungwe la anamwino ogwira ntchito pakati pa anthu m'dziko lonselo. Mbiri ya ntchito yawo anailemba m'buku lotchedwa The House on Henry Street, limene linatuluka mu 1915.

Sanakwatiwe. Anapuma ntchito mu 1933 thanzi litayamba kuvuta, ndipo anamwalira pa 1 Seputembala 1940 ku Westport, Connecticut, ali ndi zaka 73. Henry Street Settlement ilipobe mpaka lero ndipo ikuthandizabe anthu a m'dera lija.

Ena mwa ife timati tikufuna unamwino chifukwa cha yunifolomu yoyera ija, eti? Palibe cholakwika. Koma ntchito ya Mayi Wald inayambira pofunsa chifukwa chimene mwana wina sali m'kalasi, kenako n'kupita kwawo kukaona. Zimenezi sizidikira satifiketi ayi. Lolemba poitana mayina, tamvetserani amene sakuyankha. Ngati ndi wa m'mudzi mwanu, dzerani kwawo poweruka, ndipo ngati ndi matenda, dziwitsani aphunzitsi.