Bessie Coleman: Wa M'minda ya Thonje Amene Anakaphunzirira Ndege ku France

Pa 15 Juni 1921 bungwe la Fédération Aéronautique Internationale linapereka chiphaso choyendetsera ndege kwa mayi wina wa zaka 29 wochokera ku America, dzina lake Bessie Coleman. Iyeyu anali mayi woyamba wakuda wa m'dzikolo kukhala ndi chiphaso chotere, ndipo anachilandira patatsala zaka ziwiri kuti Amelia Earhart, amene dzina lake linamveka kwambiri, alandire chake kubungwe lomwelo. Chiphasocho sanachipezere kwawo. Kuti akhale pampando wa wophunzira m'kandege ka matabwa ndi nsalu, Bessie anayenera kuyamba waphunzira chiyankhulo cha eni ake ndi kuwoloka nyanja ya Atlantic. Mbali yaikulu ya nkhondo yake yophunzira kuuluka inamenyedwera pansi pompano: kusaka womuphunzitsa, kusaka ndalama, ndiponso kusaka ndege yoti aitche yakeyake.

Bessie anabadwa pa 26 Januwale 1892 m'katauni ka Atlanta m'chigawo cha Texas, ndipo anali wa nambala 10 mwa ana 13 a George ndi Susan Coleman. Ali ndi zaka ziwiri banja linasamukira ku Waxahachie, dera la minda ya thonje. Sukulu ya ana akuda inali ya chipinda chimodzi, pamtunda wa mailosi anayi, ndipo nyengo yothyola thonje ikakwana maphunziro ankaima kuti ana akathandize kumunda. Mu 1901 bambo ake, amene anali ndi magazi a Amwenye a ku America, anachoka napita ku Oklahoma, mayi n'kutsala okha ndi ana. Bessie anali wakuthwa pa masamu. Ali ndi zaka 18 anatenga tindalama tomwe anasunga n'kukalowa koleji ya anthu akuda ku Langston, koma anangophunzira teremu imodzi ndalama n'kutha.

Mu 1915 anapita ku Chicago kumene kunali alongo ake, ndipo anapeza ntchito yokonza zikhadabo za makasitomala pamalo ometera tsitsi otchedwa White Sox Barber Shop. Pamalo ngati amenewa nkhani sizitha. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha mu 1918, asilikali obwerako ankasimba za ndege zomwe anaziona ku Ulaya. Mlongo wake John, amene naye anakamenya nkhondoyo ku France, ankakonda kumuseka pomuyerekeza ndi akazi a kumeneko, omwe ena a iwo ankayendetsa ndege pomwe iye ankakhalira zala za anthu. Chipongwe cha pachibalechi chinamulowa mumtima, ndipo anayamba kufunsira malo m'masukulu ophunzitsa ndege. Onse anamukana. Ena ankaona khungu, ena ankaona kuti ndi mkazi, ndipo Bessie anali ndi zonse ziwiri.

Amene anamuonetsa njira ndi Robert Abbott, mwini nyuzipepala ya anthu akuda ya Chicago Defender, yemwe anamulangiza kuti apite ku France. Langizoli linali ndi maziko. Dziko la France ndi lomwe linapereka chiphaso kwa mayi woyamba padziko lonse, Raymonde de Laroche, mu 1910, ndipo Eugene Bullard, mnyamata wakuda wa ku Georgia, anayendetsa ndege zankhondo za France mu 1917. Bessie anapeza ntchito ina yoyang'anira malo odyera kuti awonjezere ndalama, Abbott ndi mwini banki wina wakuda, Jesse Binga, anathandizapo, ndipo iye anayamba maphunziro a Chifalansa kusukulu ya Berlitz ku Chicago komweko.

Olemba mbiri yake ambiri nkhani ya Chifalansayi amangoidutsa m'chiganizo chimodzi, koma ndikuona kuti ndi yofunika kuimapo. Chingelezi chinali chiyankhulo chake chobadwa nacho, ndipo m'Chingelezi chomwecho ndi momwe anamva kukanidwa konse. Chitseko chinatseguka m'chiyankhulo chimene anachiphunzira ali wamkulu kale, ataweruka kuntchito. Chifalansa chomwe ankachifuna sichinali cha moni ndi kugula buledi kokha. Ankayenera kumva mphunzitsi akufotokoza za injini, za mphepo ndi za liwiro, m'ntchito imene kumva mawu amodzi molakwika kukhoza kumuphetsa munthu.

Ananyamuka pa 20 Novembala 1920 ndipo anakalowa sukulu ya abale awiri a Caudron ku Le Crotoy, kumpoto kwa France, pamene mtsinje wa Somme umathirira m'nyanja. Malowa anali ndi mbiri yakeyake yoopsa: Raymonde de Laroche uja anafera pomwepo pangozi ya ndege mu Julaye 1919, chaka chimodzi ndi miyezi ingapo Bessie asanafike.

Ndege yomwe anaphunzirira inali ya mtundu wa Nieuport, ya mapiko awiri osanjikizana. Munthu wozolowera ndege za masiku ano akhoza kuiyesa chidole. Thupi lake linali la matabwa ndi mawaya, lokutidwa ndi nsalu yopakidwa mankhwala kuti ilimbe. Denga inalibe, mabuleki inalibenso, moti ikatera inkaima chifukwa cha kachitsulo kakumchira kokwekwereza pansi. Woyendetsa ankagwira ndodo yoimirira pakati pa miyendo yake: akaikokera kwa iye mphuno ya ndege inkakwera, akaikankha inkaweramira pansi, akaipendeketsa ndege inkapendekera komweko. Mapazi ankaponda mtanda wowongolera tsigiro lakumchira. Injini za ndege zamtunduwu zinkazungulira zathunthu pamodzi ndi pulopela, ndipo zinkafewetsedwa ndi mafuta a nsatsi, omwe ankathovokera kumaso kwa woyendetsa ulendo wonse.

Phokoso la injini ndi mphepo linkachititsa kuti mphunzitsi ndi wophunzira asamvane bwino ali m'mwamba. Zofotokoza zinkathera pansi asananyamuke. Kumwambako wophunzira ankaika dzanja pandodo yake ndi mapazi pamtanda wake, zomwe zinali zolumikizidwa ndi za mphunzitsi, n'kumamva m'thupi momwe mphunzitsiyo akuyendetsera. Apa ndiye kuti Chifalansa chija chinkatsala pansi, manja ndi mapazi n'kumaphunzira okha.

Chimene chinkapha ophunzira ambiri si kukwera ayi, koma kutaya liwiro. Mapiko amanyamula ndege ngati mphepo ikudutsa bwino pamwamba ndi pansi pawo. Woyendetsa akakweza mphuno mopyola muyeso, makamaka liwiro litachepa, mphepoyo imasokonekera ndipo mapiko amaleka kunyamula. Phiko limodzi likatsogola kugwa, ndege imayamba kuzungulira ngati nguli ikulunjika pansi. Nzeru yachibadwa imamuuza munthu kuti akoke ndodo kuti athawe nthaka, pomwe chofunika n'kuikankha, kulola mphuno itsike kuti liwiro libwerere. Kuphunzira kuuluka kunali kuphunzira kukana mantha ako omwe pa kamphindi kameneko. Bessie ali pamaphunziro anaona wophunzira mnzake akufa pangozi ya ndege. Zinamugwedeza, koma anapitiriza, ndipo atatha miyezi pafupifupi isanu ndi iwiri anakhoza mayeso. Anakhalabe ku France miyezi ina iwiri akuphunzira kwa katswiri wina pafupi ndi Paris, n'kubwerera ku New York mu Seputembala 1921.

Nyuzipepala za anthu akuda zinamulandira ngati mfumukazi, koma chiphaso sichidyedwa. M'zaka zimenezo ntchito zonyamula anthu pandege zinali zisanakhazikike, ndipo njira yopezera ndalama inali kuyendayenda m'matauni kuonetsa masewera a m'mwamba: kugudubuza ndege, kuitembenuza chagada, kuigwetsa dala n'kuidzutsa itatsala pang'ono kugunda pansi. Zimenezi zinkafuna luso loposa lomwe anali nalo, ndipo ku America kunalibebe womuphunzitsa. Choncho mu Febuluwale 1922 anawolokanso nyanja. Anaphunzira ku France, anakumana ndi wopanga ndege wotchuka Anthony Fokker ku Netherlands, ndipo anakaonjezera luso ku Germany.

Chionetsero chake choyamba chinachitika pa 3 Seputembala 1922 pabwalo la Curtiss Field ku Long Island, pamwambo wolemekeza asilikali akuda a gulu la 369th Infantry Regiment. Patatha masabata asanu ndi limodzi anaulukanso ku Chicago, ndipo anthu anayamba kumutcha Queen Bess. Ndege zomwe ankagwiritsa ntchito zinali zobwereka. Cholinga chake chenicheni, chomwe ankachinena paliponse pomwe wapatsidwa mpata woyankhula, chinali kutsegula sukulu yophunzitsa anthu akuda kuyendetsa ndege, kuti wina asadzavutikenso kupita ku France. Koma sukulu yotere siyamba popanda ndege.

Kumayambiriro kwa 1923, ali ku California, anagula ndege yake yoyamba, ya mtundu wa Curtiss JN-4, yomwe anthu ankangoitcha Jenny. Zinali ndege zophunzitsira asilikali zotsala kunkhondo, ndipo boma linkazigulitsa motchipa. Injini yake inali yofooka, ndipo zambiri mwa ndegezi zinali zitatopa kale. Mu Febuluwale chaka chomwecho, akupita kuchionetsero cha ku Los Angeles, injini inazima atangonyamuka ndipo ndegeyo inagwa. Anathyoka mwendo ndi nthiti zitatu, nagona m'chipatala miyezi pafupifupi itatu. Ndege inatheratu, ndalama zinapita nayo, ndipo panadutsa zaka ziwiri asanayambirenso zionetsero mokhazikika.

Ena angati Bessie ankadzipweteka yekha pokana ndalama pamene ankazisowa kwambiri. Kampani ina inamupatsa mwayi wosewera mufilimu yotchedwa Shadow and Sunshine, koma atamva kuti ayambe kuoneka atavala nsanza, ali ndi ndodo ndi kamtolo kumsana, anachokapo, poona kuti chimenecho ndi chithunzi chomwe azungu ankafuna kuti anthu akuda azioneka nacho. Zimenezi zinamudanitsa ndi anthu ena amene akanamuthandiza. Atabwerera ku Texas mu 1925, anakana kuuluka ku Waxahachie, kwawo komwe anathyola thonje, ngati akuda ndi azungu alowere zipata zosiyana. Okonza mwambo anagonja, anthu onse n'kulowera chipata chimodzi, ngakhale kuti m'katimo anakhalabe mbali zosiyana. Kupambana kwake kunali kwa theka, komabe ku Texas wa 1925 theka limenelo silinali laling'ono.

Ndalama zambiri m'zaka zimenezi ankazipeza poyankhula m'matchalitchi, m'masukulu ndi m'nyumba zoonetsera mafilimu, akuonetsa zithunzi za maulendo ake. Ku Orlando m'chigawo cha Florida anatsegula malo okonzera tsitsi kuti asonkhanitse za ndege ina. Mayi amene anali ndi chiphaso chovomerezeka m'maiko ambiri anabwerera kuntchito yomwe mlongo wake ankamuseka nayo. Pomaliza pake analipira Jenny ina yakale ku Dallas.

Ndegeyo anaibweretsa ku Jacksonville ndi makaniko wake wachizungu wa zaka 24, William Wills, amene panjira anatera mokakamizika katatu chifukwa cha kuvuta kwa injini. Abwenzi a Bessie anamuchenjeza kuti asaikwere. Pa 30 Epulo 1926 awiriwa ananyamuka kukayendera bwalo lomwe kudzakhale chionetsero mawa lake. Wills ndiye ankayendetsa. Bessie anakhala kumbuyo osamanga lamba, chifukwa ankafuna kusuzumira kunja kuti aone malo odzaterapo ndi parachuti, ndipo pokhala wamfupi sakanatha kuona pansi ali womangidwa. Patatha mphindi pafupifupi khumi, ali pamtunda wa mamita pafupifupi 900, ndege inaweramira pansi mwadzidzidzi, n'kuyamba kuzungulira, kenaka kutembenuka. Bessie anaponyedwa kunja nafera pomwepo, ali ndi zaka 34. Wills anagwa ndi ndegeyo ndipo nayenso anafa. Ofufuza anapeza sipanala yomwe inatsalira m'ndegemo itatsekereza zowongolera.

Imfa imeneyi sinabwere chifukwa chosowa luso, poti sanali iye pandodo tsikulo. Inachokera ku ndege yakale yosasamalidwa bwino, yokhayo yomwe thumba lake linakwanitsa panthawiyo. Thupi lake analitengera ku Chicago, kumene anthu pafupifupi 10,000 anabwera kudzamulira pamwambo womwe Ida B. Wells, wolimbana ndi kuphedwa kwa anthu akuda mopanda chilungamo, anatengapo gawo lalikulu. Anaikidwa m'manda a Lincoln Cemetery.

Sukulu ija Bessie sanaione. Mu 1929 William J. Powell anatsegula Bessie Coleman Aero Club ku Los Angeles, kumene amuna ndi akazi akuda anayamba kuphunzira ndege m'dziko lawo lomwe, ndipo mu 1931 oyendetsa ndege akuda a ku Chicago anayamba mwambo wouluka pamwamba pa manda ake. Mu 1992 Mae Jemison, mayi woyamba wakuda kupita m'mlengalenga kunja kwa dziko, ananyamula chithunzi cha Bessie paulendowo. Boma la America linaika nkhope yake pasitampa mu 1995, ndi pandalama yachitsulo ya masenti 25 mu 2023.