Georgy Dobrovolsky, mtsogoleri wa anthu oyamba kukhala mu siteshoni ya m'mlengalenga

Dzina la a Georgy Dobrovolsky silidziwika kwambiri monga la a Yuri Gagarin, koma ndiwo anatsogolera anthu oyamba kukhala ndi kugwira nchito mu siteshoni ya m'mlengalenga. Izi zinacitika mu 1971, ndipo ulendowo unali wao woyamba komanso wotsiriza.

A Dobrovolsky anabadwa pa 1 June 1928 mu mzinda wa Odessa, umene tsopano uli m'dziko la Ukraine koma nthawi imeneyo unali mbali ya Soviet Union. Unyamata wao unagwera m'nkhondo yaciwiri ya pa dziko lonse. Kuciyambi kwa 1944, mzindawo uli m'manja mwa asilikali a Romania, anawagwira ndi mfuti ndi kuwalamula kugwira ukaidi wa kalavula gaga kwa zaka 25. Anali ndi zaka 15 cabe. Anapulumuka m'ndendemo patatsala milungu yocepa kuti asilikali a Soviet Union alande mzindawo.

Nkhondo itatha anaphunzira kuyendetsa ndege za nkhondo pa sukulu ya ku Chuguyev, ndipo anatsiriza mu 1950. Mu 1963 anasankhidwa kulowa m'gulu lophunzira za maulendo a m'mlengalenga. Apa ndi pamene kudikira kunayambira. Kwa zaka 8 anali kuphunzira, kuyesedwa m'thupi ndi kuonerera anzao akukwera, koma dzina lao silinaitanidwe.

Caka ca 1971 cinali ca mpikisano woopsa. America inali itapambana kale pa liwiro lofika ku mwezi, ndipo m'caka comweco inatumizako Apollo 14 ndi Apollo 15. Soviet Union inatembenukira ku cinthu cina: nyumba yozungulira dziko lapansi, momwe anthu angakhale milungu ingapo. Pa 19 April anatumiza siteshoni ya Salyut 1 yopanda munthu. Patapita masiku ocepa, amuna atatu a mu combo ca Soyuz 10 anaifikira koma zolumikizira zinakanika, ndipo anabwerera osalowamo.

Ulendo wotsatira sunali wa a Dobrovolsky. Osankhidwa anali a Alexei Leonov, a Valery Kubasov ndi a Pyotr Kolodin. Koma kutatsala masiku owerengeka, madokotala anaona kanthu pa papo la a Kubasov ndipo anaopa kuti ndi cifuwa cacikulu ca TB. Gulu lonse linacotsedwa, ndipo malo ao anapatsidwa kwa olowa m'malo: a Dobrovolsky monga mtsogoleri, a Vladislav Volkov ndi a Viktor Patsayev. Pambuyo pake zinadziwika kuti a Kubasov analibe TB, ndipo mu 1975 anauluka pamodzi ndi a Leonov pa ulendo wa Apollo-Soyuz.

Soyuz 11 inanyamuka ku Baikonur pa 6 June 1971, ndipo tsiku lotsatira atatuwo analowa mu Salyut 1. Anali kuyang'ana nyenyezi ndi makina a Orion 1, kulima timbewu, ndi kupima momwe thupi la munthu limasinthira pamalo opanda kulemera. Anthu a ku Soviet Union anali kuwaonerera pa wailesi ya kanema, ndipo anawazolowera ngati abale. Pa 19 June a Patsayev anakwanitsa zaka 38 ali komweko.

Sizinali zosangalatsa zokhazokha. Pa 16 June munabuka utsi wocokera ku mawaya a magetsi, ndipo panali maganizo akuti siteshoniyo isiyidwe. Utsi utacepa, nchito inapitirira. Ulendo wonse unatenga masiku 23, kuposa masiku 18 amene a mu Soyuz 9 anakhala mu 1970.

Ngozi inadza pobwerera, usiku wa pa 29 kuloza pa 30 June. Pamene kacipinda kobwerera pansi kanali kupatukana ndi zigawo zina za combo, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 168, kugwedezeka kunatsegula cotsekera ca kabowo kolowetsa mpweya. Kabowoko kanayenera kutseguka combo citayandikira pansi. M'malo mwake mpweya wa m'kati unathawira kunja, ndipo unatheratu pasanapite mphindi ziwiri. Cotsekeraco cinali pansi pa mipando, pamalo ovuta kufikapo mwacangu.

Combo cinatsika bwinobwino pa parachuti m'cipululu ca Kazakhstan. Owacingamira atatsegula citseko anapeza atatuwo ali m'mipando yao, atamwalira kale. A Dobrovolsky anali ndi zaka 43, ndipo anasiya mkazi ndi ana aakazi awiri.

Comvetsa cisoni n'cakuti zovala zosunga mpweya zikanawapulumutsa. Sanazivale cifukwa kacipindako kanali kocepa kwambiri kwa anthu atatu ovala zovala zotere, ndipo akuluakulu anakhulupirira kuti combo cokha n'cokwanira kuwateteza. Ngoziyi itacitika, Soyuz inakonzedwanso. Pamene inanyamulanso anthu mu September 1973, inatenga awiri okha, onse atavala zovala za Sokol. Anthu atatu anayambanso kukwera pamodzi mu 1980.

Phulusa la atatuwo linaikidwa m'khoma la Kremlin ku Moscow. Mmodzi mwa onyamula maliro anali a Thomas Stafford a ku America, cinthu cosazolowereka pakati pa maiko awiri amene anali pa udani. Mu August caka comweco, a mu Apollo 15 anasiya pa mwezi cikwangwani ca maina a anzao amene anafa, ndipo dzina la a Dobrovolsky lilipo.

Mu Salyut 1 simunalowenso munthu. Pa 11 October 1971 inatsitsidwa dala, ndipo inapsera m'mwamba mwa nyanja ya Pacific.