KAPUTENI RHOADES NDI SITIMA YA NKHONDO YA GUENDOLEN

Kum'mawa kwa boma la Chama, kuseri kwa mapiri a Nyika, kuli Nyanja ya Malawi imene kale inali kuchedwa Nyasa. Pa nyanja imeneyi ndi pamene malemu Kaputeni Edmund Rhoades anachukira, cifukwa ndiwo anatsogolera imodzi mwa nkhondo zoyamba za pa madzi m'Nkhondo Yaikulu ya 1914 mpaka 1918.

A Rhoades anali Mngelezi. Anafika ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1890, nthawi ya Sir Harry Johnston, pamene boma linaika masitima a mizinga pa nyanja kuti aletse zombo zowolotsa akapolo. Nchito yao yaikulu inali kupima nyanja. Pamodzi ndi anzao a Phillips anayendera magombe, napima kuya kwa madzi, nalemba mapu amene anathandiza oyendetsa masitima zaka zambiri. Lipoti lao linasindikizidwa ku London mu 1902.

Sitima imene a Rhoades anali kuyendetsa inali Guendolen. Inapangidwa ku Mangalande, nibwera zidutswa-zidutswa mpaka ku Fort Johnston, kumene lero ndi Mangochi, ndipo inalowa m'madzi mu 1899. Dzina lake linali la mwana wamkazi wa Lord Salisbury, nduna yaikulu ya dziko la Britain.

Ajeremani naonso anali ndi sitima yao ya mzinga yochedwa Hermann von Wissmann, imene inayamba kuyenda mu 1893. Woiyendetsa anali Kaputeni Berndt, bwenzi la pamtima la a Rhoades. Awiriwa akakomana anali kumwera pamodzi ndi kuyeserera nkhondo mwamasewera ndi masitima ao.

Koma pa 4 August 1914 dziko la Britain linalowa m'nkhondo ndi Germany. Bwanamkubwa Sir George Smith analamula a Rhoades kuti akaononge sitima ya bwenzi laolo. Pasanathe milungu iwiri, anaipeza itakokeredwa kumtunda kuti ikonzedwe pa doko la Sphinxhaven, lero Liuli m'dziko la Tanzania. Guendolen inaomba mzinga ndipo cipolopolo cinagunda. A Berndt, amene uthenga wa nkhondo unali usanawafike, anapalasa bwato ali ndi ukali kudzafunsa ngati mnzaoyo waledzera. Pomwepo anauzidwa za nkhondo, natengedwa ngati wandende. Mzinga wa sitima yao ndi zitsulo zina za injini zinacotsedwa.

Kankhondo kameneka kanali kakang'ono, koma zipatso zake zinali zazikulu. Nyanja yonse inakhala m'manja mwa Angelezi, motero asilikali a King's African Rifles ananyamulidwa pa madzi kunka kumpoto, nagonjetsa Ajeremani ku Karonga pa 9 September 1914. Ambiri a iwo amene anafa kumeneko anali anthu akuda, ndipo mu November caka comweco Mbusa John Chilembwe analemba kalata yodandaula kuti anthu osauka alikuphedwa m'nkhondo imene si yao. Katundu akatsika m'sitima, womusenza pamutu anali munthu wa m'mudzi. Amuna zikwi-zikwi a ku Nyasaland ndi a ku Northern Rhodesia anatengedwa kukagwira nchito ya mtengatenga, ndipo ambiri anathera m'njira ndi njala ndi matenda.

Mu 1915 ulamuliro wa masitima a pa nyanja unapita kwa a G. H. Dennistoun, amene anabwerera ku Sphinxhaven mu May naononga Wissmann kaciwiri. Guendolen inapitiriza kunyamula asilikali ndi katundu, ndipo inaphwasulidwa m'zaka za m'ma 1940. Umodzi wa mizinga yake unaimikidwa ku Mangochi pafupi ndi nsanja ya koloko, m'mphepete mwa mtsinje wa Shire, komwe sitimayo inamangidwira.