Walter Schottky: Katswiri Amene Adapeza Gwero la Phokoso la m'Magetsi ndi m'Zithunzi

Aliyense amene adayesapo kujambula chithunzi madzulo, dzuwa litalowa, ndi kamera yamakono kapena lamya ya m'manja, amadziwa kukhumudwa kumene kumabwera pochiyang'ana chithunzicho. Nkhope za anthu zimaoneka ngati wina wawazapo mchenga, ndipo pamene payenera kukhala mdima wosalala pamadzaza timadontho tofiira ndi tobiriwira. Akatswiri ojambula zithunzi amatcha timadonthoti phokoso, ngakhale kuti khutu silingatimve. Munthu amene adayamba kufotokoza gwero la phokoso lotereli adali Walter Schottky wa ku Germany, yemwe adamwalira makamera oterewa asanayambe kugulitsidwa m'masitolo.

Schottky adabadwa pa 23 July, 1886, mu mzinda wa Zürich ku Switzerland. Bambo wake, Friedrich Schottky, adali pulofesa wa masamu pa sukulu yaukachenjede ya mu mzindawo. M'chaka cha 1892 banjali lidasamukira ku Marburg m'dziko la Germany, ndipo mu 1902 lidafika ku Berlin. Mnyamatayu adatsiriza maphunziro a sekondale ku Steglitz mu 1904, nalowa yunivesite ya Berlin kukaphunzira fizikisi. Kumeneko adakhala wophunzira wa Max Planck, amene mu 1900 adaonetsa kuti mphamvu ya kuwala ndi kutentha imatuluka m'tizigawo toti munthu angathe kutiwerenga. Schottky adalandira digiri yaudokotala mu 1912, atalemba za chiphunzitso chatsopano cha Albert Einstein chokhudza nthawi, liwiro ndi mphamvu.

Atachoka ku Berlin adakakhala zaka ziwiri ku Jena, akugwira ntchito ndi Max Wien. Kumeneko ndiko adayamba kufufuza za mavalavu, zipangizo zimene zidali mtima wa mawailesi ambiri transistor isanabwere. Valavu ndi kabotolo kagalasi kochotsedwa mpweya wonse. Mkati mwake muli kawaya kamene kakatenthedwa kamatulutsa ma elekitironi, tizigawo ting'onoting'ono ta magetsi, ndipo timeneti timaulukira pa kachitsulo kena kamene kali m'botolomo. Ndi chipangizo chimenechi amisiri adatha kukweza mawu ofooka ochokera kutali kufikira atamveka bwino.

M'zaka za nkhondo yoyamba ya dziko lonse Schottky adagwira ntchito m'labotale ya kampani ya Siemens & Halske ku Berlin. Lamya zofika kutali ndi mauthenga a pa wailesi zidali zofunika kwambiri pa nthawiyo. Mu 1915 iye adawonjezera kaukonde kachiwiri ka waya mkati mwa valavu, ndipo izi zidachititsa kuti valavuyo izikweza mawu mwamphamvu koposa kale. Komabe pa ntchito yonseyi padali funso limene lidamuvutitsa mtima. Ngati amisiri angalumikize mavalavu ambiri, kodi angathe kukweza mawu ofooka motani popanda malire? Kudali kosavuta kuganiza kuti kusokosera kwa m'makina kumadza chifukwa cha waya womasuka kapena chipangizo chopangidwa mosasamala. Schottky adafuna kudziwa chimene chingatsale ngati zolakwika zonse zotere zitachotsedwa.

Yankho lake adalisindikiza mu 1918 m'magazini ya sayansi yotchedwa Annalen der Physik. Iye adalongosola kuti magetsi sayenda ngati madzi a mumtsinje. Amayenda m'ma elekitironi, imodziimodzi, ndipo iliyonse imachoka pa kawaya kotenthako pa nthawi yakeyake, mosapangana ndi inzake. Choncho pa kamphindi kena pamadutsa ambiri pang'ono, pa kamphindi kotsatira ochepa pang'ono. Munthu amene adakhalapo m'nyumba yamalata mvula ikuyamba angamvetse msanga. Mvula ikamangowaza, dontho lililonse limamveka palokha pa denga, koma ikalimba madontho onse amasanduka mkokomo umodzi. Kusinthasintha kumeneku Schottky adakutcha Schroteffekt, kuchokera ku mawu a Chijeremani otanthauza tizipolopolo ting'onoting'ono ta mfuti yosakira mbalame, chifukwa phokoso lake limafanana ndi la tizipolopoloto tikamagwera pa chitsulo.

Tanthauzo la zimenezi lidali lalikulu. Phokosoli silichokera ku ulesi wa mmisiri, ndipo palibe mmisiri amene angalichotse, pakuti lidalukidwa m'chilengedwe cha magetsi enieniwo. M'nkhani yomweyo Schottky adatchulanso gwero lachiwiri la phokoso, ndilo kugwedezeka kwa ma elekitironi chifukwa cha kutentha. Gwero limeneli adalipima bwino John Johnson, ndipo Harry Nyquist adalilongosola ndi masamu mu 1928 ku Bell Laboratories ku America. Mu 1925 Albert Hull ndi N. H. Williams adapima phokoso la Schottky mosamala, ndipo kuchokera pa phokosolo adawerengera kukula kwa mphamvu ya elekitironi imodzi. Chiwerengero chawo chidagwirizana ndi chimene Robert Millikan adachipeza kale m'njira ina. Motero chinthu chimene amisiri adachiona ngati chosokoneza chidasanduka umboni wa kapangidwe ka magetsi.

Nkhondo itatha Schottky adakaphunzitsa ku yunivesite ya Würzburg, ndipo mu 1923, chaka chimene adakwatira, adakhala pulofesa ku Rostock. Mu 1924, pamodzi ndi Erwin Gerlach, adapanga maikolofoni ya mtundu watsopano, yokhala ndi kalamba kachitsulo kopyapyala kolendewera pakati pa maginito. Maikolofoni zotere zikugwirabe ntchito m'nyumba zojambulira nyimbo. Mu 1927 adachita chinthu chimene ophunzira ambiri sakadachita: adasiya mpando wa upulofesa nabwerera ku Siemens, kumene adakhala moyo wake wonse wa ntchito. Adasindikiza buku lake lalikulu la za kutentha, Thermodynamik, mu 1929. Adafufuzanso za mipata imene imatsala m'mizere ya maatomu a zinthu zolimba, ndipo mipatayi imatchedwa ndi dzina lake mpaka lero.

Mu 1938 adalongosola chifukwa chimene magetsi amadutsira mbali imodzi yokha pamene chitsulo chakhudzana ndi semiconductor, mtundu wa zinthu monga silikoni zimene zili pakati pa zodutsitsa magetsi ndi zosadutsitsa. Nevill Mott wa ku Britain adafikanso pa ganizo lofanana pa nthawi yomweyo, payekha. Kachipangizo kotchedwa Schottky diode, kamene kamapezeka m'makompyuta, m'zotchajira lamya ndi m'zipangizo za magetsi a dzuwa, kadachokera pa ntchito imeneyi. Bungwe la Royal Society la ku London lidali litamupatsa kale mendulo ya Hughes mu 1936.

Nkhondo yachiwiri idamupeza ali ku Berlin. Mu 1943, mabomba akugwa pa mzindawo, adasamukira ku Pretzfeld, kamudzi kakang'ono ka m'chigawo cha Franconia. Nkhondo itatha, kampani ya Siemens idakhazikitsa labotale m'nyumba yakale yachifumu ya m'mudzimo, motsogozedwa ndi Eberhard Spenke, amene adagwira ntchito ndi Schottky kwa zaka zambiri. Labotaleyo idatchuka pa ntchito yoyeretsa silikoni. Schottky adakhalabe m'mudzi umenewu kufikira imfa yake pa 4 March, 1976, ali ndi zaka 89. Sadalandire mphoto ya Nobel, koma kuyambira 1973 bungwe la akatswiri a fizikisi la ku Germany limapereka mphoto ya dzina lake, ndipo mu 1988 yunivesite yaukatswiri ya ku Munich idatsegula malo ofufuzira otchedwa Walter Schottky Institut.

Tsono zimenezi zikukhudzana bwanji ndi chithunzi cha madzulo chija? Einstein adaonetsa mu 1905 kuti kuwala nakonso kumafika m'tizigawo, timene pambuyo pake tidatchedwa mafotoni. Mu 1969 Willard Boyle ndi George Smith a ku Bell Laboratories adatulukira kachipangizo ka silikoni kosandutsa kuwala kukhala magetsi owerengeka, ndipo pa ntchitoyi adalandira mphoto ya Nobel mu 2009. M'kamera yamakono muli sensa yokhala ndi timabokosi mamiliyoni ambiri. Fotoni ikagwera m'kabokosi imamasula elekitironi, ndipo kamera imawerenga zimene kabokosi kalikonse kasonkhanitsa. Timabokosi timeneti tili ngati zidebe zoikidwa pabwalo kuti zitunge mvula. Mvula ikagwa yambiri, zidebe zonse zimadzaza mofanana. Ikangowaza pang'ono, china chimalandira madontho khumi, choyandikana nacho madontho asanu ndi awiri.

Masamu ake ndi omwe aja a Schottky. Kusinthasinthaku kumakhala pafupifupi square root ya chiwerengero chonse. Kabokosi kolandira mafotoni 10,000 kamasiyana ndi kanzake ndi mafotoni pafupifupi 100, ndilo gawo limodzi mwa magawo 100, ndipo diso silingaone kusiyanako. Kabokosi kolandira mafotoni 100 okha kamasiyana ndi kanzake ndi pafupifupi 10, ndilo gawo limodzi mwa magawo khumi. Kusiyana kumeneku ndiwo mchenga uja wooneka pa nkhope.

Nambala ya ISO imene wojambula amaikweza kukada siwonjezera kuwala ngakhale pang'ono. Ntchito yake ndi yonga ya valavu ija: imakweza zimene sensa yalandira, kuwala pamodzi ndi phokoso lomwe. Chithunzi cha ISO 3200 chimajambulidwa ndi gawo limodzi mwa magawo 32 a kuwala kumene chithunzi cha ISO 100 chimafuna, choncho phokoso lake limaonekera koposa pafupifupi kasanu ndi kamodzi. Mlandu suli pa nambalayo, uli pa kuchepa kwa kuwala. Ndipo amene amaopa kukweza ISO, najambula chithunzi chakuda kuti akachiwalitse pa kompyuta, nthawi zambiri amapeza phokoso lochulukirapo, chifukwa wakwezanso phokoso la m'zipangizo za kamerayo.

Mankhwala enieni ndiwo kusonkhanitsa kuwala kochuluka. Wojambula angakulitse kabowo kolowera kuwala, angayandikitse nyali, kapena angaike kamera pa choimikira cha miyendo itatu kuti chitseko chake chikhale chotsegula nthawi yaitali popanda kugwedezeka. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Angathenso kujambula chinthu chimodzi kangapo ndi kuphatikiza zithunzizo: zinayi zimachepetsa phokoso ndi theka, ndipo 16 zimalisiya gawo limodzi mwa magawo anayi. Lamya zambiri zimachita zomwezi pazokha pojambula usiku, ndicho chifukwa chake zimapempha munthu kuti asagwedeze dzanja kwa masekondi angapo. Akatswiri a nyenyezi amaziziritsa sensa zawo kuti achepetse phokoso lobwera ndi kutentha. Mapulogalamu a pa kompyuta amathanso kusalaza timadontho, koma akapyola muyeso amafafaniza tsitsi, ulusi wa nsalu ndi makwinya a pankhope, popeza kulekanitsa phokoso ndi tinthu tating'ono ta m'chithunzi n'kovuta.

Schottky adali ndi zaka 32 pamene adaonetsa kuti pali malire amene luso la munthu silingadumphe pokweza chinthu chofooka. Kudziwa malirewo kudathandiza amisiri a lamya ndi wailesi kuleka kulimbana ndi chosatheka, naika mphamvu zawo pa zimene zingakonzeke. Mphunzitsi wa sayansi amene ali ndi lamya ya kamera angawaonetse ophunzira ake zonsezi m'kalasi momwemo: ajambule bolodi mazenera ali otsegula, alijambulenso makatani atatsekedwa, kenaka akulitse zithunzi ziwirizo ndi kuzifanizira.